Ulendo wa tsiku limodzi m'mbali mwa nyanja ku Cape Town: mafunso amene anthu a kuno ku Harare amafunsa

Mafunso awa tawatola m'magulu athu kuno ku Harare, a kumpingo, a m'mabungwe a maliro, ndi kwa amayi amene amakwera basi kukaoda katundu kum'mwera. Ikamayandikira Ogasiti kapena Disembala mafunso omwewo amabweranso, ndiye taona kuti ndi bwino tingowayankha pamodzi. Ambiri a ife tili ndi mwana, mlongo kapena mlamu ku Cape Town, koma munthu amatha kukhalako mwezi wathunthu n'kubwerako atangodziwa nyumba ya m'bale wakeyo ndi mashopu, nyanja atangoionera pa windo la takisi. Chonsecho tsiku limodzi lokha likwanira, bola mutasankha bwino mwezi wake ndiponso osafuna kuima paliponse.

Ulendo umenewu ndi wotani kwenikweni?

Kum'mwera kwa mzinda wa Cape Town kuli mtunda wautali, wopapatiza ndi wamapiri, umene unalowa m'nyanja. Kumadzulo kwake kuli nyanja ya Atlantic, kum'mawa kuli chigawo cha nyanja chotchedwa False Bay. Msewu umatsata madzi mbali zonse ziwiri, kotero mumanyamuka m'mawa, kutsika ndi gombe lina mpaka kunsonga ku Cape Point, n'kubwerera ndi gombe linalo madzulo. Kupita ndi kubwera ndi makilomita pafupifupi 150. Panjira pali mapengwini ku Simon's Town, akatumbu a m'nyanja pa madoko a Kalk Bay ndi Hout Bay, ndipo ikakhala nyengo yake anangumi amaonekera pamtunda pomwe, osakwera boti.

Mapengwini ndi akatumbu mudzawaona ndithu mwezi uliwonse. Anangumi ndi madolofini alibe pangano ndi munthu. Amene angakuuzeni kuti mukalipira ndalama zakutizakuti nangumi mumuona, ameneyo akungofuna ndalama zanuzo.

Kuchokera kuno ku Harare tikafikako bwanji?

Pa basi mumakwerera pa Roadport, kutsika ndi msewu wa Masvingo mpaka pa Beitbridge, makilomita pafupifupi 580. Kuchokera pamenepo ndi Johannesburg, kenako msewu wa N1 wodutsa m'chipululu cha Karoo, makilomita pafupifupi 1,400 kuchokera ku Johannesburg kukafika ku Cape Town. Onse pamodzi ndi pafupifupi 2,500, masiku awiri muli pampando, ndipo pa chipata pakakhala mzere wa Disembala nthawiyo imawonjezereka. Pa ndege yolunjika ndi maola atatu ndi kamphindi. Nthawi ya ku Cape Town ndi yofanana ndi ya kuno, wotchi simusintha.

Ngati mwabwera pa basi, musaike ulendo wa kunyanjawu tsiku lotsatira. Miyendo imakhala itatupa, ndipo kuli masitepe okwera.

Ndili ndi pasipoti ya Malawi, mkazi wanga ya Zimbabwe. Pali kusiyana?

Nonse simufunika viza pokacheza, koma masiku amasiyana. Wa pasipoti ya Zimbabwe amaloledwa mpaka masiku 90, wa pasipoti ya Malawi mpaka masiku 30. Wodinda pa chipata akhoza kukupatsani masiku ochepera pamenepo, ndiye werengani chidindocho musanachoke pa windo. Kupitirira tsiku limene anakulemberani si nkhani yamasewera: amakuletsani kulowanso m'dzikomo chaka chathunthu, ndipo ngati mwapitirira ndi masiku oposa 30, zaka zisanu.

Mwana tengerani setifiketi yake yobadwira. Ngati akuyenda ndi kholo limodzi, kapena ndi azakhali kaya agogo, pakhale kalata yolumbirira ya kholo lotsalalo. Pasipotizo mudzazifunanso pa tsiku la ulendo lenilenilo, onani funso la ndalama.

Mwezi wabwino ndi uti?

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, chifukwa nyengo ya kumeneko ndi yotembenuka. Ife mvula timaidziwa kuyambira Novembala mpaka Malichi. Ku Cape Town imagwa nthawi yozizira, makamaka Juni, Julayi ndi Ogasiti, ndipo Disembala kumakhala kouma, dzuwa n'kumalowa cha m'ma 8 koloko usiku.

Anangumi amabwera kuyambira Juni mpaka Novembala, ndipo amachuluka pakati pa Ogasiti ndi Okutobala. Ndiye amene akufuna zonse, anangumi, mapengwini ndi nyengo yopiririka, asankhe Seputembala kapena Okutobala. Tchuthi cha ana cha Ogasiti chimagwera m'nyengo ya anangumi, koma konzekerani mvula ndi chisanu, ndipo siyani masiku awiri kapena atatu omasuka kuti musankhepo lowala.

Disembala, mwezi umene ambiri timapeza mpata, ndi wokongola koma uli ndi zovuta zake. Anangumi amakhala atapita. Misewu ya m'mbali mwa nyanja imadzaza, pa geti la Cape Point galimoto zimandandana. Komanso ndi nyengo ya mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene imatha kuomba masiku angapo osaleka, mchenga n'kumakumenyani m'miyendo. Mukapita Disembala, nyamukani kusanache bwino.

Tiyambire mbali iti?

Mabasi ambiri a alendo amayambira ku Camps Bay ndi Hout Bay. Ife timakonda kutembenuza: kuyambira ku False Bay. Mumadutsa Muizenberg, St James, Kalk Bay, Fish Hoek, kufika ku Simon's Town mapengwini asanaunjikiridwe ndi anthu, kenako Cape Point cha kumasana. Pobwerera mumadzera Scarborough, Kommetjie, Noordhoek, Chapman's Peak, Hout Bay ndi Camps Bay.

Chifukwa chake n'chosavuta. Kumeneko amayendetsa kumanzere monga kuno, ndiye mukazungulira chonchi nyanja imakhala kumanzere kwanu tsiku lonse, ndipo malo oimikapo galimoto mumangopatukirapo osadula msewu. Dzuwa la m'mawa limakupezani ku False Bay, lolowa limakupezani ku Atlantic. Choipa chake n'chakuti ku Hout Bay mumafikako madzulo, maboti opita kwa akatumbu atatsala pang'ono kuweruka kapena ataweruka kale. Amene mtima wawo uli pa botilo ayambire ku Hout Bay.

Musaime malo oposa anayi kapena asanu. Gulu likamatsika pa gombe lililonse kukajambula, limafika ku Cape Point litatopa, ana akulira, ndipo palibe amene wakhala pansi n'kuyang'ana madzi kwa mphindi khumi.

Tilibe galimoto kumeneko. Zingatheke?

Zimatheka, koma osati ulendo wonse. Pali sitima ya pamtunda yochokera pa siteshoni ya Cape Town kudzera Muizenberg, ndipo kuchokera pamenepo njanji imayenda m'mphepete mwenimweni mwa madzi kulowera ku Simon's Town. Ndi yotchipa, ndipo kukhala pa windo la kumanzere n'kosangalatsa pakokha. Funsani m'bale wanu tsikulo ngati ikufika ku Simon's Town, chifukwa nthawi zina mchenga umakwirira njanji n'kumathera pa Fish Hoek. Kuchokera pa siteshoni ya Simon's Town kukafika kwa mapengwini ndi ulendo wa pansi wa theka la ola kapena kuposerapo pang'ono. Ku Hout Bay ndi ku Camps Bay kumapita mabasi a MyCiTi, amene amafuna khadi lawo, salandira ndalama m'manja.

Ku Cape Point kokha kulibe basi kapena takisi wamba. Njira ndi kukwera basi ya alendo ya tsiku lonse, kubwereka galimoto, kapena kusonkherana n'kuchita hayala kombi. Kwa gulu la anthu khumi kapena kuposa, kombi ndiyo imatchipa. Musapite ndi Uber mukuyembekeza kuti mukaitana ina pobwerera, chifukwa kunsongako netiweki ndi yovuta ndipo madalaivala safika chisawawa.

Chinanso, achibale athu ambiri amakhala m'njira yomweyi: ku Imizamo Yethu m'Hout Bay, ku Masiphumelele pafupi ndi Kommetjie, ku Capricorn pafupi ndi Muizenberg. Ena agwira ntchito m'minda ya maluwa ndi m'makhichini a m'derali zaka zambiri osalowapo pa geti la Cape Point. Mukamawerengera mipando m'kombimo, awerengereni nawo.

Ndalama zolowera ndi zingati, ndipo madola amalandira?

Cape Point ndi Boulders, gombe la ku Simon's Town kumene kuli mapengwini, zonse zili m'manja mwa SANParks, bungwe la boma loyang'anira mapaki, pansi pa Table Mountain National Park, ndipo malo alionse ali ndi geti lake lolipira. Mitengo ili patatu: ya nzika za South Africa, ya anthu a m'maiko a SADC, ndi ya alendo ochokera kutali. Malawi ndi Zimbabwe onse ali mu SADC, ndipo mtengo wathu umakhala pafupifupi theka la wa alendo akutali. Koma amafuna kuona pasipoti ya munthu aliyense. Mukaisiya kunyumba poopa kutaya, mulipira mtengo wa munthu wochokera ku Germany. Mitengo imasintha chaka ndi chaka pa 1 Novembala, ndiye onani pa intaneti musananyamuke.

Pa mageti awiriwa salandira ndalama za m'manja, ndi khadi basi. Madola athu, ZiG kapena EcoCash sizigwira ntchito pamenepo. Ngati khadi lanu la kuno silidutsa kunja, m'patseni m'bale wanu ma rand kuti alipire ndi lake. Ma rand pang'ono m'thumba amafunikabe, a nsomba pa doko ndi a anyamata olondera galimoto.

Mapengwini tikawaona pafupi bwanji? Tingawagwire?

Pafupi kwambiri. Ku Boulders anamanga tinjira tamatabwa todutsa m'tchire la m'mbali mwa nyanja mpaka pamwamba pa mchenga umene mbalamezi zimasonkhana. Muli panjira, musanafike n'komwe, mumayamba kumva kulira kofanana ndi kwa bulu, ndipo mukasuzumira pansi pa zitsamba mumapeza pengwini atagona m'kadzenje kake, mita imodzi kuchokera pa nsapato yanu, akukuyang'anani ndi diso limodzi kenako n'kutembenuza mutu kuti akuoneni ndi linalo. Ndi wamfupi, masentimita pafupifupi 60, wolemera makilogalamu atatu kapena kuposerapo pang'ono, msana wakuda, mimba yoyera yokhala ndi timadontho, ndipo pamwamba pa diso pali kachikopa kofiirira. Pamtunda amayenda modzandira, mapiko ali tambalale. Akangolowa m'madzi amasanduka china, liwiro lake diso limalephera kutsata.

Kugwira ayi. Mlomo wake ndi wakuthwa, wopangidwira kugwira nsomba yoterera, ndipo chala cha mwana amaching'amba. Ndi mlandunso. Musanalize galimoto pamalo oimikapo, suzumirani pansi pake, chifukwa amakonda kubisala pamthunzi.

Mukapita cha m'ma Novembala mpaka Januwale mudzaona ambiri ataima duu, nthenga zili nyankhalala ngati akudwala. Sakudwala, akusintha nthenga. Kwa milungu pafupifupi itatu sangalowe m'madzi, ndiye sadya chilichonse, amangodalira mafuta a m'thupi. Nthawi imeneyo kuwathamangitsa kuti muwajambule n'kuwapha pang'onopang'ono.

Akuti mapengwiniwa akutha. N'zoona?

N'zoona, ndipo ndi chifukwa chimodzi chimene timauzira anthu kuti apite ndi ana awo tsopano. Mtundu uwu umapezeka ku South Africa ndi ku Namibia kokha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 analipo oposa miliyoni imodzi. Lero mabanja oswana sakwana 10,000, ndipo mu Okutobala 2024 bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe la IUCN linawaika m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu.

Zinayamba kale. Pa zilumba zimene ankaswana panali zitosi za mbalame zowunjikana kwa zaka mazanamazana, ndipo mapengwini ankakumba mauna awo m'menemo. Anthu anazipala zonse kukagulitsa ngati feteleza, mbalame n'kutsala pa thanthwe loyera, mazira ali padzuwa. Mazirawonso ankatoledwa n'kumagulitsidwa ngati chakudya cha apamwamba. Kenako kunabwera mafuta a sitima. Mu Juni 2000 sitima yotchedwa Treasure inamira pakati pa zilumba za Robben ndi Dassen, ndipo mapengwini pafupifupi 19,000 anadetsedwa ndi mafuta. Anthu ongodzipereka, motsogozedwa ndi bungwe losamalira mbalame za m'nyanja la SANCCOB limene linayamba mu 1968, anawatsuka mmodzimmodzi, ndipo ambiri anapulumuka.

Vuto la lero ndi njala. Chakudya chawo ndi nsomba zing'onozing'ono za mitundu ya sadini ndi anchovy, zomwezonso zimene maboti akuluakulu amakokolola. Kholo likasambira mtunda wautali osapeza kanthu, anapiye amafa m'chisa. Mu Malichi 2025 khoti ku Pretoria linavomereza mgwirizano woletsa usodzi wa nsombazi kuzungulira malo asanu ndi amodzi amene amaswanako, kwa zaka khumi. Gulu la ku Boulders nalo si lakale: linayamba ndi mabanja awiri okha mu 1982, pakati pa nyumba za anthu.

Nanga akatumbu? Botilo ndi lofunika?

Pa zikwangwani mudzaona palembedwa kuti seals. Kuwaona sikulira boti. Pa doko la Kalk Bay amagona pa simenti pomwe asodzi akutumbula nsomba, kudikira matumbo. Ku Hout Bay n'chimodzimodzi. Wamwamuna wamkulu amaposa makilogalamu 200, ndipo ngakhale amaoneka waulesi, akafuna kuluma amatembenuka mwachangu.

Boti la ku Hout Bay limapita ku kachilumba ka miyala kotchedwa Duiker Island, ulendo wosakwana ola kupita ndi kubwera. Simutsika, boti limangozungulira. Kumakhala akatumbu ochuluka zedi, ena atasanjikizana pa miyala, ena akusewera m'mafunde, phokoso ndi fungo la nsomba zowola zili tholo. Kwa munthu amene sanakwerepo boti pa nyanja yamchere, n'koyenera ndalama zake. Likangotuluka m'doko limayamba kukwera ndi kutsika, ndiye amene amachita mseru pa basi agule mapiritsi ku famase n'kumwa ola limodzi asanakwere, akhale panja, maso ali kumapiri. Amayi oyembekezera afunse kaye anamwino.

Chenjezo lalikulu ndi ili: mu 2024 zinatsimikizika kuti akatumbu a m'derali ali ndi chiwewe. Musawayandikire, musalole mwana kuwakhudza, ndipo anthu amene amawadyetsa nsomba pa doko kuti alendo ajambulitse, musawapatse ndalama, zimene akuchitazo n'zoletsedwa. Wina akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Anangumi tingawaone pati, ndipo tidziwa bwanji kuti ndi iwo?

Amene amaoneka kwambiri ndi a mtundu wa southern right. Miyezi yotentha amakhala kum'mwera kwenikweni, kufupi ndi Antarctica, kumene amadya tinyama ting'onoting'ono ta m'madzi. Nthawi yozizira amabwera m'magombe abata a South Africa kudzakwerana ndi kudzabereka, ndipo ali kumeneko sadya kwenikweni. Wamkazi wamkulu amatalika mamita pafupifupi 15, ndipo mwana amabadwa ali kale ndi mamita anayi kapena asanu. Anasakidwa mpaka kutsala ochepa, asanatetezedwe mu 1935.

Malo abwino ndi okwera: msewu wa Boyes Drive pamwamba pa Muizenberg ndi Kalk Bay, msewu wochoka ku Simon's Town kupita ku Cape Point, ndi Cape Point penipenipo. Musayembekezere chinsomba chikudumpha. Nthawi zambiri chimene mumayamba kuona ndi chinthu chakuda, chachitali, kuseri kwa pamene mafunde akusweka, chimene mungachiyese mwala. Mukachiyang'anitsitsa mumaona mpweya ukufwamphuka m'mwamba mogawikana pawiri, chifukwa mtundu uwu uli ndi mphuno ziwiri zotayana. Pamsana alibe chipsepse, ndipo pamutu ali ndi zigamba zoyera, zokhakhala, zimene akatswiri amazindikirira nangumi aliyense payekha. Kenako mchira umatukuka, n'kumira mwakachetechete. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani pansi theka la ola, magalasi oonera patali muzipatsirana. Mukaona galimoto zingapo zaima pambali pa msewu anthu akuloza kumadzi, imani nanu.

Ngati anangumi ndiwo mwadzera, patulani tsiku lina mupite ku Hermanus, makilomita pafupifupi 120 kuchokera mu mzinda. Dzerani msewu wa R44 kuchokera ku Gordon's Bay, umenenso ndi wokongola kwabasi, ndipo pa Betty's Bay pali gulu lina la mapengwini ku Stony Point, kopanda chikhamu cha anthu. Ku Hermanus anangumi amafika pafupi ndi matanthwe a m'tauni momwe, ndipo kuli munthu wolembedwa ntchito yoliza lipenga akawaona. Kuphatikiza Hermanus ndi Cape Point tsiku limodzi n'kosatheka.

Ku Cape Point ndi kumene nyanja ziwiri zimakumana?

Ayi, ngakhale ambiri amatero. Nsonga ya kum'mwera kwenikweni kwa Africa, kumenenso anaika malire a Atlantic ndi Indian Ocean, ndi Cape Agulhas, kutali chakum'mawa. Musavutike kufunafuna mzere pamadzi. Chikwangwani chimene anthu amajambulitsapo ku Cape of Good Hope chimanena za nsonga ya kum'mwera chakumadzulo, ndipo Bartolomeu Dias wa ku Portugal anazungulira pamenepa mu 1488.

Chokwerera pamwamba ndi nsanja yakale ya nyali yotsogolera sitima, imene inayamba kuwala mu 1860. Anaimanga pamwamba kwambiri moti nthawi zambiri inkabisika m'nkhungu. Sitima ya Apwitikizi yotchedwa Lusitania itasweka pa mwala wa Bellows mu 1911, anamanga ina m'munsi, imene ikugwira ntchito mpaka lero. Mukasuzumira kuphompho mudzaona mbalame zakuda za m'nyanja zikuuluka m'munsi mwanu. M'pakimo mulinso nthiwatiwa zoyenda m'mbali mwa mafunde, mbira za m'miyala, ntchefu ndi anyani.

Msewu wa Chapman's Peak ndi woopsa monga amanenera?

Ndi makilomita 9 okhala ndi makona 114, osemedwa m'khoma la phiri pakati pa Noordhoek ndi Hout Bay, nyanja ili pansi. Anaumanga ndi akaidi kuyambira 1915 mpaka 1922. Choopsa chake chenicheni ndi miyala yogumuka kuphiri. Anautseka mu 2000 chifukwa cha zimenezi, n'kuutsegulanso kumapeto kwa 2003 ataika maukonde achitsulo ndi madenga a simenti. Pali geti lolipira. Kukagwa mvula yambiri kapena mphepo ikakula amautseka, ndipo mumazungulira kudzera Ou Kaapse Weg. Dalaivala ayang'ane msewu, zoonazo akaonere pamalo oimikapo.

Tingasambe? Nanga shaki?

Mbali ya Atlantic madzi ndi ozizira moti mapazi amachita dzanzi, kawirikawiri madigiri 10 mpaka 14. Chodabwitsa n'chakuti amazizira kwambiri nthawi yotentha, chifukwa mphepo ija imakankha madzi apamwamba, ozizira a pansi n'kukwera. Kuzizira komweku ndi kumene kumabweretsa chakudya cha nsomba, ndiye popanda iko sikukanakhala mapengwini kapena akatumbu. Ku False Bay madzi ndi ofundirapo.

Amene anakulira ku Nkhata Bay kapena ku Mangochi asadzidalire kuti amatha kusambira. Nyanja iyi imakwera ndi kuphwa kawiri patsiku, ndipo ili ndi mikuku ya madzi obwerera imene imakokera munthu kwakuya ngakhale ataima madzi a m'chiuno. Sambani pokhapo pali opulumutsa anthu, pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu. Mkuku ukakutengani musalimbane nawo: yandamani, kwezani dzanja, kenako sambirani chopingasa motsata gombe. Ku Dias Beach, pansi pa Cape Point, musalowe m'madzi m'pang'ono pomwe. Ana apititseni m'madamu omangidwa m'mbali mwa nyanja, monga la ku St James. Pa ngozi imbani 112.

Za shaki, ku Muizenberg ndi ku Fish Hoek kuli alonda a Shark Spotters amene amakhala paphiri kuyang'ana madzi. Mukamva sayirini n'kuona mbendera yoyera yojambulidwa shaki wakuda, tulukani. Kunena zoona, amene amamira ndi ambiri kutalitali kuposa amene amalumidwa.

Tivale chiyani?

Juzi ndi jekete lotchinga mphepo, ngakhale mu Disembala. Nsapato zotseka, chipewa chokhala ndi chingwe, mafuta oteteza kudzuwa. Amayi, chitenje chimathandiza pokhala pamchenga ndi pofunditsa mwana, koma pamwamba pa Cape Point valani thalauza kapena siketi yolemera mkati, ndipo duku ndi wigi zimangidwe zolimba.

Zakudya tinyamule kapena tikagule?

Malesitilanti a m'mbali mwa nyanja ndi odula. Chotchipa ndiponso chokoma ndi nsomba ndi tchipisi za pa doko, ku Kalk Bay kapena ku Hout Bay. Hake ilibe minga yambiri, ndi yabwino kwa ana. Snoek ndi yokoma kuposa, koma ili ndi minga italiitali. Abale athu achisilamu asade nkhawa, chakudya cha halaal ku Cape Town chili ponseponse. Nsima simuipeza panjirayi, mukaidya madzulo kwa achibale.

Mukanyamula kamba, dziwani za anyani a ku Cape Point. Saopa munthu, amadziwa kutsegula chitseko cha galimoto, ndipo jumbo ya pulasitiki amaidziwa kuti muli chakudya. Tsekani mawindo, kiyani zitseko ngakhale muli momwemo, ndipo mwana asatsike ali ndi buledi m'manja. Nyani akagwira chikwama, musiyireni, adzachitaya akatenga chimene akufuna. Kuwadyetsa ndi mlandu wolipitsa, ndipo nyani wozolowera chakudya cha anthu mapeto ake amaphedwa.

Agogo ndi ana aang'ono angakwanitse?

Inde. Njira yamatabwa ya ku Boulders imadutsika ngakhale ndi njinga ya olumala. Ku Cape Point kuli kasitima kokokedwa ndi chingwe, kotchedwa Flying Dutchman, kamene kamakweza anthu kufupi ndi nsanja yakale, kolipira padera. Masitepe otsalawo agogo akhoza kuwasiya, pomwe kamaimapo pamaoneka kale bwino. Mankhwala a shuga ndi a BP akhale m'chikwama cha m'manja, chifukwa m'pakimo mulibe famase. Boti la akatumbu kwa agogo odwala miyendo tikuti ayi, pokwera ndi potsika pamagwedera.

Ndatumidwa madzi a m'nyanja m'chigubu. N'zololedwa? Nanga zigoba?

Funso ili limabwera pa ulendo uliwonse, kawirikawiri mwakachetechete. Anthu ambiri amatunga, ndipo pa magombe a anthu onse monga Muizenberg mudzaona ena ali ndi zigubu zawo. Chimene mukachite nawo ndi nkhani ya inu ndi amene wakutumani. Ife tingonena ziwiri. Musamwe kapena kumwetsa mwana kapena wodwala, chifukwa mchere wake umaumitsa thupi ndi kuvutitsa impso, ndipo madzi a pafupi ndi tauni sakhala aukhondo. Chachiwiri, tungani pa mchenga, pamadzi osaya, nkhope ili kunyanja. Anthu amakokoloka atawerama pa miyala, msana atalozetsa kumafunde. Botolo la malita awiri likwanira, pajatu a basi amalipiritsa katundu.

M'kati mwa paki simuloledwa kutola chilichonse, kaya zigoba, miyala kapena maluwa. Kuwedza ndi kutola nkhono za m'nyanja kumafuna chilolezo. Wina akakutsatsani perlemoen mwamseri, chokanipo msanga: imeneyo ndi nkhono yotetezedwa, ndipo kupezeka nayo kumamangitsa. Nsomba yowamba yoti mubwere nayo ku Harare isiyeni, masiku awiri m'basi siifika bwino, ndipo pa chipata zinthu zanyama zimafuna mapepala.

Tikadzuka kuli mvula kapena chimphepo, titani?

Ngati muli ndi masiku, sinthani tsiku. Nyengo ya kumeneko imasintha msanga, ndipo tsiku lotsatira mvula nthawi zambiri kumawala bwino. Kamvula kowaza sikalepheretsa mapengwini kapena Kalk Bay, koma maboti sayenda nyanja ikakalipa, Chapman's Peak akhoza kuitseka, ndipo ku Cape Point mungalipire n'kukaona nkhungu yokhayokha.

Tsiku loterolo pitani ku Two Oceans Aquarium pa V&A Waterfront, kumene ana amaona shaki, akamba a m'nyanja ndi mapengwini kuseri kwa galasi, ali pouma. Pa Waterfront pomwepo ndi pamene pamanyamukira boti la ku Robben Island, kumene Nelson Mandela anakhala zaka 18 m'ndende, koma nalonso limaima nyanja ikavuta, matikiti ake amafunika kugulira nthawi isanakwane, ndipo limadya theka la tsiku. Lipatseni tsiku lakelake.